Uphungu wa maloya pa nkhani ya chinyengo cha inshuwalansi ya galimoto

Ofesi ya maloya imene ndikuikamba pano ili mumzinda wa Blantyre, ndipo ntchito yake yaikulu ndi milandu ya ngozi zapamsewu ndi chipukutamisozi. Ndinapitako galimoto ya banja lathu itagundidwa chakumbuyo, chifukwa amakaniko a pagalaja ina ankatinyengerera kuti alembe pa koteshoni yawo ngakhale zitsulo zimene zinali zitapindika kale ngozi isanachitike, kuti kampani ya inshuwalansi ilipire zonse pamodzi. Ndinafuna kumva maganizo a munthu wodziwa malamulo tisanasaine fomu iliyonse.

Chimene ndikuwayamikira kwambiri ndi chakuti a loya amene anandilandira sanapite m'mbali. Anafotokoza kuti mgwirizano wa inshuwalansi umadalira kunena zoona, ndipo kampani ikapeza bodza pa zimene munthu akupempha kuti alipidwe, ili ndi ufulu wokana kupereka ngakhale tambala imodzi, kuphatikizapo pa zimene zinawonongekadi pangoziyo. Kenaka anatsegula buku la malamulo a milandu ya upandu, la Penal Code, n'kundiwerengera ndime 319, imene imanena za kupeza ndalama kapena katundu mwa bodza ndipo chilango chake chimafika zaka 5 m'ndende, komanso ndime 360 yokhudza kupereka chikalata chimene munthu akudziwa kuti ndi chachinyengo, monga lipoti la apolisi losinthidwa. Anatsindika kuti mwini galimoto amene wasaina fomu sangadzitchinjirize ponena kuti nzeruzo zinali za amakaniko, pakuti onse awiri angathe kuimbidwa mlandu wogwirizana kuchita chinyengo. Anandikumbutsanso mfundo imene ambiri saiganizira, yakuti makampaniwa amatumiza akatswiri awo kukaona galimoto, ndipo dzimbiri la pamalo opindika kale silibisika kwa munthu amene ntchito yake ndi imeneyo tsiku ndi tsiku. Nkhani ikafika kunthambi ya apolisi ya Fiscal, yofufuza milandu ya chinyengo cha ndalama, kubweza ndalama sikuthetsa mlandu mwa iko kokha.

Sanalekere pa kundiopseza. Anandionetsa njira yoyenera kutsata ngati kampani ikuzengereza kapena ikukana kulipira popanda chifukwa chomveka: kuyamba ndi kalata yodandaula kukampaniko, ndipo zikakanika, kukatula nkhaniyo kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi, amene amayang'anira makampani a inshuwalansi m'dziko muno.

Zofooka ziliponso. Mtengo wa uphunguwo sanandiuze poyamba, ndinaumva kwa mlembi wawo titamaliza kale kukambirana, ndipo ngakhale sunali wodumpha malire, munthu amafuna kudziwiratu asanakhale pampando. Kalata imene anandilembera pambuyo pake inachedwa kutuluka, ndiponso inali m'Chingerezi cholimba cha kukhoti, chosiyana kwambiri ndi Chichewa chomveka bwino chimene analankhula nane pamaso. Achibale anga ena anafunika kuwamasulira ndime ndi ndime.

Kwa mwini galimoto kapena minibasi amene wauzidwa kuti kuwonjezera pang'ono pa koteshoni n'chinthu chimene aliyense amachita, ofesiyi ndi yoyenera kupitako, bola afunsiretu za malipiro ndi kupempha kuti mfundo zazikulu amulembere m'mawu osavuta. Amene thumba lawo silingakwanitse loya wolipira angayambire ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza anthu otere pa milandu.