Pikapu ya dizilo yokonzedwa hedi pa waranti: mmene ilili patatha miyezi 8

Galimoto tikuikambayi ndi pikapu ya dizilo ya masilinda anayi, ya tebo (chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini), yogulidwa yatsopano kwa dila wina muno mu Harare. Imanyamula katundu m'tauni, ndipo nthawi zina imadutsa pa Nyamapanda kupita kumudzi kudzera ku Tete. Idakali pa waranti inawiritsa madzi pa msewu wa ku Mutoko, gasiketi ya hedi n'kupsa (hedi ndi chitsulo chovindikira masilinda pamwamba pa injini, gasiketi ndiyo imatseka mpata pansi pake). Dila sanakane. Anatsitsa hedi, anakaipalitsa, anaika gasiketi ndi themositati zatsopano, mwini wake osatulutsa ngakhale dola imodzi. Ntchito yaikuluyo anaigwira ndithu. Zomwe zakhala zikuibweza galimotoyi ku galaja ndi tizipangizo totsika mtengo, toyenera kugwira ntchito kamodzi kokha, tomwe anangobwezeretsa takale tomweto.

Choyamba kuoneka chinali madzi. M'milungu yoyambirira hita inkatulutsa mphepo yozizira, muvi wa kutentha ukukwera n'kutsika, madzi a m'botolo akuchepa. Izi kawirikawiri ndi mpweya wotsalira m'njira za madzi. Kuuchotsa sikuvuta: kwezani kutsogolo kwa galimoto, ikani hita pa kutentha kwenikweni, masulani kabawuti kotulutsira mpweya ngati kalipo, ndipo injini ilire mpaka paipi yam'munsi ya rediyeta itatentha, kusonyeza kuti themositati yatseguka. Mukatero lembani mzere pa botolo ndi cholembera injini ili yozizira, muziyang'ana m'mawa uliwonse. Madzi akatsika pang'ono kamodzi n'kuima, palibe nkhawa. Apa sanaime. Chivindikiro cha rediyeta chinali chakale chija, cholembedwa 1.1 bar (muyezo wa mphamvu ya kukankha kwa madzi kapena mpweya), koma pa choyezera sichinkagwira mphamvu imeneyo. Harare ili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja, pomwe madzi osatsekeredwa amawira pa madigiri 95 kapena chapompo, ndiye chivindikiro chofooka kuno chimataya madzi msanga kuposa ku Beira, m'mphepete mwa nyanja. Injini iliyonse yomwe yawirapo iyenera kulandira chatsopano.

Vuto lomwe tikufuna mulimvetse bwino linabwera cha m'mwezi wachinayi. Mkati mwa galimoto munayamba kununkha utsi wa dizilo, makamaka ikaima pa maloboti, ndipo mukatsegula boneti munkamva ka phokoso ka "tsi-tsi-tsi" kotsatana ndi kulira kwa injini. Kuzungulira injekita (kachipangizo kofayira dizilo m'silinda) ya silinda yachitatu kunali zinthu zakuda zouma ngati phula la pamsewu, zochita kufuna kugoba. Pansi pa injekita iliyonse pamakhala washala ya kopa. Ikamangidwa koyamba imaphwatalala n'kutseka mpata, ndipo kuphwatalalako kumaiumitsa. Mukaibwezeretsa siitsekanso, mpweya wa moto wa m'silinda umathawira pamenepo, mwaye n'kumaunjikana. Kukonza kwake sikungosintha washala basi. Pokhalira pake m'hedi payenera kupalidwa ndi chida chake mpaka pawale, bawuti yopanira injekita ikhale yatsopano ngati buku la injiniyo likutero, ndipo imangidwe ndi sipanala yoyezera mphamvu, osati ndi dzanja la "ndazolowera".

Musachipeputse chimenechi. Pa injini zina ma injekita amakhala mkati mwa chivindikiro cha mavavu, ndiye mwayewo suoneka kunja, umagwera mu oyilo. Umakatseka sefa ya pampu ya oyilo pansi pa sampu, ma beyaring'i ndi tebo n'kuyamba kuyenda mouma. Washala ya ndalama zochepa imatha kupha injini yonse motero. Chinanso, injekita iliyonse ili ndi nambala yake yomwe kompyuta ya galimoto imaidziwa. Makaniko akazisokoneza pobwezeretsa osalowetsanso manambalawo, injini imagogoda m'mawa ndipo imanjenjemera ikaima. Mapaipi achitsulo opita ku ma injekita nawonso opanga ambiri amati asinthidwe akamasulidwa. M'mapaipimo mumadutsa dizilo wa mphamvu yotha kufika 1,600 bar kapena kuposa, choncho musayese kufufuza podontha ndi chala injini ikulira, dizilo ameneyo amaboola khungu.

M'mwezi wachisanu ndi chimodzi madzi anayambiranso kutha, tsopano popanda podontha paliponse. Paipi yam'mwamba inkapezeka yolimba gwa m'mawa injini isanalizidwe, ndipo m'botolo munkatuluka thovu mukaponda moto. Pali mankhwala abuluu oyezera izi: amaikidwa m'kachubu pakamwa pa rediyeta, ndipo mpweya wa moto ukakhala kuti ukulowa m'madzi amasanduka obiriwira kapena achikasu. Anasanduka. Poyang'ana pepala la zipangizo za ntchito yoyamba ija, mabawuti a hedi panalibepo. Mabawuti a injini zambiri za masiku ano amamangidwa kaye pa mphamvu yoyezedwa, kenako n'kupotokoledwa ndi madigiri, ndipo amatanuka osabwereranso. Akamangidwa kachiwiri amagwira kwa miyezi ingapo, kenako hedi imayamba kunyamuka pang'ono tebo ikamakankha. N'chifukwa chake vutoli silioneka tsiku lotenga galimoto.

Pobwereza ntchitoyo pali zinthu zoti mwini galimoto afunse, ndipo mayankho alembedwe. Kodi hedi inayesedwa ngati ili ndi mng'alu? Kodi pamwamba pa buloko (thunthu la injini, pomwe hedi imakhala) panayezedwa ndi rula yachitsulo, poti malire a kupindika kwake nthawi zambiri amakhala pakati pa 0.05 ndi 0.1 mm? Kodi gasiketi inasankhidwa bwanji? Pa dizilo magasiketi amasiyana kuchindikala, amadziwika ndi timabowo kapena timano ta m'mphepete, ndipo woyenera amasankhidwa poyeza mmene pisitoni ikutulukira pamwamba pa buloko. Opanga ena salola n'komwe kupala hedi, amati ikapindika isinthidwe. Ulendo wachiwiriwu dila anaika hedi yatsopano ndi mabawuti ake, ndipo kwa miyezi iwiri tsopano madzi sanasunthe pa mzere.

Chomwe chinapangitsa kuti avomere kubwereza mwaulere ndi mapepala. Ulendo uliwonse galimoto inabwerera, panatsegulidwa jobu khadi yolembapo tsiku, makilomita ndi dandaulo lenileni. Kungouza munthu wa pa kauntala pakamwa sikuwerengedwa. Tikudziwa kuti kudikira dila kumatopetsa, ndipo ku Gazaland kapena mu Kaguvi Street muli amakaniko odziwa ntchito omwe washala ija akanaisintha tsiku lomwelo. Koma sipanala yachilendo ikangokhudza injini ya pa waranti, mwapatsa dila pothawira. N'chimodzimodzinso mankhwala othira mu rediyeta otseka podontha, kapena kuwonjezera madzi a pa mjigo m'malo mwa kulanti (madzi a mankhwala oziziritsa injini) wa mtundu womwe unalimo kale. Akamakuzengerezani, lembani kalata kwa mkulu wa sevisi ndi ku ofesi ya kampani yopanga galimotoyo. Kupitirira apo kuli Consumer Protection Commission, yomwe inabwera ndi lamulo loteteza ogula la 2019. Funsaninso, molembedwa, kuti ntchito yokonzayo payokha ili ndi waranti ya nthawi yaitali bwanji, chifukwa waranti ya galimoto ikhoza kutha vuto lisanaonekere.

Chatsala chosathetsedwa ndi oyilo. Injini ikudya wochulukirapo kuposa isanawire, ndipo tikukayikira ma ring'i a mapisitoni, poti kutentha kwambiri kumawafooketsa ngakhale ntchito ya hedi itayenda bwino. Dila wathira oyilo mpaka pa mzere wapamwamba, wamata chidindo pothirira ndi potulutsira, ndipo adzayeza wotsala galimoto ikayenda makilomita 1,000. Mpaka kuyezako kutachitika, mwini wake asathiremo oyilo ngakhale pang'ono, ndipo akaona kuti wafika pa mzere wapansi, aibweze kwa dila tsiku lomwelo.