Penti ya Magnolia: kirimu wa makoma amene anthu amamunyoza koma samusiya

Mukalowa m'hadiweya n'kufunsa penti ya kirimu, kawirikawiri wogulitsa amakulozerani ndowa zitatu: Ivory, Cream ndi Magnolia. Tikunena pano za yachitatuyi, ya madzi ija amati PVA, yopaka mkati mwa nyumba. Ndi mtundu woyera wothira kachikasu pang'ono ndi kapinki kochepetsetsa, ngati mafuta oyandama pamwamba pa mkaka wowiritsa. Kapinki kameneko ndiko kamaisiyanitsa ndi Cream, amene chikasu chake chimaonekera poyera, ndipo n'chifukwa chake Magnolia amaoneka wofunda osafika pofanana ndi nthochi yakupsa.

Dzinali ndi la duwa. Mtengo wa magnolia unapatsidwa dzina mu 1703 ndi Charles Plumier polemekeza Pierre Magnol, katswiri wa zomera wa ku Montpellier ku France. Pentiyo inatchuka ku Britain, kumene inalowa m'ndandanda wa mitundu yomangira wa BS 4800 pa nambala 08 B 15. Nambalayo inathandiza kuifalitsa. Kontirakita akalemba 08 B 15, kampani iliyonse inkadziwa chosakaniza, choncho nyumba za khonsolo, maofesi ndi nyumba za lendi zinadzala nayo. Mpaka lero amene akuchita lendi ku Britain nthawi zambiri amapeza makoma a Magnolia ndi siling'i yoyera. Kuchuluka komweko kunaipatsa mbiri yoti ndi penti ya landilodi wosafuna kuganiza, ndipo m'zaka za m'ma 2010 ambiri anathawira ku mitundu yotuwa. Ife tikuona kuti kunyozako n'kopanda chilungamo, makamaka kwa nyumba za kuno.

Taonani fumbi lathu. Kuyambira August mpaka November, mphepo imanyamula katondo n'kumuthira paliponse, ndipo khoma loyera mbee limayamba kuonetsa mizere yofiirira pansi pa mazenera ndi mozungulira maswitchi mwezi usanathe. Magnolia ali kale ndi kachikasu ndi kakufiira kochokera ku utoto wa dothi, ndiye fumbi likatera silikangana naye. Khoma limada ndithu, koma limada mofanana, diso silikodwa. Komanso amabweza kuwala kwambiri, moti chipinda cha zenera limodzi chimakhalabe chowala magetsi akazima masana.

Vuto lake lalikulu ndi babu. Mtundu uwu umasintha nkhope malinga ndi kuwala kuposa mmene anthu amaganizira. Pansi pa babu ya LED ya 2700K (nambala ya K imasonyeza mtundu wa kuwala kwa babu), yowala mwachikasu ija, Magnolia amazama n'kuyandikira mtundu wa batala, ndipo m'chipinda chaching'ono akhoza kukutopetsani. Pansi pa babu ya 6500K, yoyera mwabuluu imene imagulidwa kwambiri m'magolosale, kufunda konse kumathawa, khoma n'kuoneka ngati loyera lomwe lakalamba. Amakhala bwino pakati, pa 3000K mpaka 4000K. Dzuwa nalo lili ndi mawu: chipinda choyang'ana kuzambwe chimasanduka cha lalanje madzulo, pamene choyang'ana kum'mawa chimakongola m'mawa n'kuzizira masana. Choncho musagule malita 20 poyang'ana kakhadi ka mitundu kokha. Gulani lita imodzi, pakani kawiri malo a mita imodzi mbali zonse pa makoma awiri osiyana, muwaone m'mawa, masana ndi usiku babu itayaka.

Pa kuchuluka kwake, werengani chonchi. Chipinda cha mamita 4 m'litali, 3 m'lifupi ndi 2.7 kutalika chili ndi makoma a masikweya mita pafupifupi 38. Mukachotsa chitseko ndi zenera atsala ngati 34. Kupaka kawiri ndi 68. PVA wabwino amakuta masikweya mita 8 mpaka 10 pa lita pa pulasitala wosalala, ndiye mufunika malita 7 mpaka 9. Pulasitala wokhakhala amamwa zoposa pamenepo. Ngati mwagula ndowa zingapo, yang'anani nambala ya batch, yosonyeza penti yosakanizidwa ulendo umodzi ku fakitale, ndipo ngati zikusiyana, zisakanizeni zonse m'chidebe chimodzi musanayambe. Pa mtundu wowala ngati uwu kusiyana kwakung'ono kumaonekera pamene ndowa ina inathera pakati pa khoma.

Madandaulo ambiri amene anthu amaikira penti kwenikweni ndi a khoma ndi madzi. Pulasitala watsopano amafuna masiku 28 kuti aume ndi kukhwima, nyengo ya dzinja kuposa pamenepo. Mukafulumira, chinyezi chimatulutsa mchere woyera uja pamwamba, penti n'kutupa, kenako n'kusendeka ngati khungu la njoka. Njira yosavuta yoyesera: matani pepala la pulasitiki pakhoma ndi tepi mbali zonse, mulisiye usiku wonse. Mukapeza madontho mkati mwake, dikirani. Khoma likauma, likwecheni ndi sandipepala, sesani fumbi, pakani primer (penti yoyambira yapansi) ya pulasitala yopirira ukali wa simenti, kenako Magnolia kawiri, kusiya maola 2 mpaka 4 pakati monga chalembera chitini. Khoma lomwe linapakidwapo laimu lipalidwe kaye mpaka fumbi loyera lisiye kutsalira m'dzanja, apo ayi penti yatsopano igwira laimuyo osati khoma.

Ndiye pali nkhani ya kuthira madzi, imene imawononga nyumba zambiri. Ulendo woyamba mutha kuthira pang'ono, osapitirira lita imodzi pa malita 10, pokhapokha chitini chikanena zina. Koma mmisiri wofuna kuti ndowa imodzi imalize nyumba yonse amathira mpaka penti isanduke phala la madzimadzi. Zotsatira zake mumaziona dzuwa likawomba cham'mbali: mizere ya rola, mabala otuwa pamene simenti ikusuzumira, ndiponso ufa womatirira pa malaya mukatsamira khoma. Mwini nyumba akhalepo potsegula ndowa.

Magnolia amagwirizana ndi chiyani? Siling'i yoyera mbee imamukweza bwino, chifukwa popanda choyera pafupi diso silizindikira kuti khomalo ndi lofunda. Matabwa a mbawa ndi mlombwa opakidwa vanishi amaoneka olemera pambali pake, chimodzimodzi mipando ya nsungwi, mikeka, simenti yofiira yopolisha, ndi makatani obiriwira kapena abuluu wozama. Amene samvana naye ndi matailosi otuwa mozizira ndi makabati oyera onyezimira, amene amamuchititsa kuoneka wodetsedwa ngakhale wapakidwa dzulo. Ngati pansi mwaika kale matailosi otere, sankhani choyera china chopanda chikasu.

Pa zitseko ndi mafelemu pewani Magnolia wa gloss, penti yonyezimira ya mafuta. Penti ya mafuta imachita chikasu ikamakalamba, makamaka malo amdima monga kuseri kwa chitseko, ndipo pakapita nthawi felemu ndi khoma zimasiyana mtundu. Kukhitchini, kubafa ndi m'kolido ya ana, PVA wamba sapirira kupukuta ndi nsanza yonyowa, amayamba kunyezimira pamene mwapukutapo. Kumeneko onjezerani ndalama mugule wa acrylic wochapika wa mtundu womwewo, kapena pakani m'munsi mwa khoma mzere wa penti yakuda bii kapena yofiirira monga timaonera m'masukulu ndi m'zipatala.

Kunja kwa nyumba PVA wamkati asapiteko n'komwe, mvula imamuwononga msanga. Gulani wolembedwa kuti ndi wakunja, ndipo masentimita 40 mpaka 60 oyambira pansi muwapake mtundu wozama, poti madzi ogwa kudenga amathovukira matope pamenepo. Kwa landilodi, ubwino wina ndi wakuti Magnolia sasowa m'mashopu, koma wa kampani ina safanana ndendende ndi wa inzake. Sungani lita imodzi m'chitini chotseka bwino, mulembepo dzina la kampani ndi chipinda chomwe munapaka, ndipo pokonza pamene padetsedwa pakani khoma lonselo kuchokera pa ngodya kufika pa ngodya, osati kachigamba pakati.