Khola lam'mwamba kapena lanjerwa: nkhuku khumi zimafuna malo otani?

Ife oweta nkhuku zachikuda kuseri kwa nyumba kuno ku Tete, nthawi zambiri timasankha pakati pa makola awiri: lam'mwamba la nsungwi loimika pa mitengo, kapena kanyumba ka njerwa kapansi. Onse ndi abwino pamalo pake. Chomwe chimawaononga n'chimodzi, kumanga mongowerenga nkhuku zimene zilipo lero. Thadzi limafungatira masiku 21 okha. Mathadzi atatu akaswa mwezi umodzi, khola lomwe munamangira nkhuku khumi likhoza kugona zoposa 30, ndipo kujomphana kumayambira pomwepo.

Muyeso wake ndi uwu. M'kati mogona, nkhuku zazikulu zitatu zimafuna mita imodzi mulitali ndi imodzi mulifupi. Ndiye kwa nkhuku khumi, mamita 2 uku ndi 2 uku ndi bwino, potsalako pang'ono. Pamtengo wogonapo iliyonse ipate masentimita 25, kutanthauza mitengo iwiri yopingasa khola lonse. Chisa chimodzi cha masentimita 30 mbali zonse chimakwanira mathadzi anayi kapena asanu.

Khola lam'mwamba ndi la kumalo otentha: Moatize, Chiúta ndi mumzinda wa Tete momwe, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Nkhuku situluka thukuta. Ikapsa mudzaiona itayasama kukamwa, mapiko ali lendee, ndipo mazira amayamba kuchepa. Khola lokwezeka mita imodzi, pansi pake poyala nsungwi zosiya timipata, limalowa mphepo kuchokera pansi, chitosi n'kumagwera kunja komwe mungokokola kupita nacho kudimba. Folerani udzu, malata amawotcha. Ubwino wina umene ambiri sauwerengera ndi wakuti kunsi kwake ndi mthunzi, choncho pa puloti yaing'ono ya m'tauni malo omwewo agwira ntchito ziwiri.

Zovuta zake zilipo. Chiswe chimadya nsanamira, utitiri umabisala m'ming'alu ya nsungwi, anapiye aang'ono satha kukwera makwerero, ndipo likongwe amakwera ngati simunakulunge nsanamirazo ndi lata. Kulikulitsa kupyola mamita awiri n'kovutanso, pansi pamayamba kupindika pakati.

Lanjerwa ndi la kumtunda, ku Ulongué, Domué ndi Tsangano, kumene chisanu cha Juni ndi Julayi chimapha anapiye usiku umodzi wokha. Limakhalitsa, mbala ndi vumbwe salowa wamba. Koma apa ndi pamene anthu amaumira kwambiri njerwa. Mumapeza kakhola kofika m'chiuno, kachitseko kongolowa mkono, zenera n'kabowo ka njerwa imodzi. Mukatsegula m'mawa fungo la chitosi limalasa m'maso, ndipo nkhuku zagona mu mpweya umenewo usiku wonse. Khola losaloweka silisesedwa. Likwezeni kufika mamita 1.8 kuti munthu aimirire, mawindo akhale pamwamba pafupi ndi denga atatchingidwa ndi waya, pansi muthire utuchi kapena makoko a mtedza ndipo muzisintha akanyowa. Manyowa otuluka mmenemo ndi abwino kwambiri pa mbatata ya kachewere ndi kabichi.

Ine ndalama zikakhala zochepa, ndingachepetse kukongola kwa khola koma osati bwalo la mpanda. M'chilimwe nkhuku zimadziyendera, vuto silioneka. Mvula ikagwa, chimanga cha aneba chikamera, timazitsekera, ndipo kampanda kakang'ono kamasanduka matope okhaokha. Panja nkhuku iliyonse ipate mita imodzi uku ndi imodzi uku. Kwa khumi, mamita 3 ndi 4 ndi okwana. Pakona ina pakhale pouma, pofoleredwa, pothira mchenga wosakaniza ndi phulusa kuti zizisamba fumbi, utitiri uzichepa. Ngati kwanu kuli mphamba, yalani ukonde pamwamba. Pa nkhani ya mpanda makola awiriwa ndi ofanana, kungoti lanjerwa limadya malo ake pansi pamene lam'mwamba limabweza.

Kaya mwasankha liti, siyani malo a kakhola kachiwiri ka mita imodzi mbali zonse. Mmenemo ndi mokhala thadzi ndi anapiye ake masabata oyamba, komanso mosungira nkhuku yogula kumsika kwa masabata awiri musanaiphatikize ndi zinzake, poti chitopa chimakonda kubwera ndi mlendo wotere. Kukula kwa khola sikuletsa chitopa. Katemera wa chitopa wotchedwa I-2 ndi dontho limodzi m'diso miyezi inayi iliyonse, ndipo kuno amaperekedwa mu Malichi, Julayi ndi Novembala. Funsani alangizi a ziweto kwanuko tsiku lake, ndipo m'mawa umenewo musazitsegulire kufikira zonse zitalandira, ndi anapiye omwe.