Lif ndi GroEL, ndani amathandizadi lipase kupindika?

Bakiteriya ngati Pseudomonas aeruginosa amatulutsa enzaimu yogaya mafuta yotchedwa lipase, koma ikangopangidwa imakhala ngati chingwe basi, mpaka ipindike bwinobwino ndiye iyambe ntchito. Apa mpamene pamabwera mapuloteni othandiza kupindika, ngati GroEL ndi Lif.

GroEL ndi wa aliyense, amathandiza mapuloteni ambiri osiyanasiyana. Amaoneka ngati mgolo wa zidutswa 14, chivindikiro chake ndi puloteni ina yotchedwa GroES, amalowetsa puloteni mkati nkudya ATP (kamolekyulu kopereka mphamvu mu selo) kuti isamatirirane ndi zinzake, ndipo amagwira ntchito mkatikati mwa selo.

Lif ndiye winanso. Iyeyu amakakamira pa khungu lamkati la selo atayang'ana ku periplasm (mpata wa pakati pa khungu lamkati ndi lakunja, komwe lipase imakapindikira) komwe kulibe ATP, ndiye sadalira ATP olo pang'ono, amangoikumbatira lipase mmodzi kwa mmodzi nkuikankha kuti idumphe kagawo komaliza ka kupindika komwe payokha imakanirira, ikatero ndiye imatulutsidwa kunja. Jini yake imakhala moyandikana ndi ya lipase, ndipo ngosankha kwabasi, Lif wa bakiteriya wachibale chakutali nthawi zambiri sathandiza.

Kwa ine pa lipase wa Pseudomonas palibenso mpikisano apa, popanda Lif enzaimuyo imangokhala chabe osagaya mafuta.