Tikulitse misewu kapena tikonze kayendedwe ka maminibasi?

Msewu wa Masauko Chipembere anaukulitsa kale, koma pitani pa Ginnery Corner cha m'ma 5 koloko madzulo: magalimoto amangokwawa mpaka ku Chichiri. Kukulitsa msewu kumadya ndalama zankhaninkhani, eni malo amafuna chipukutamisozi, ndipo m'kati mwa Limbe, momwe mashopu anachita kuthithikana, malowo apezeka kuti? Ukangotakasuka, magalimoto ena amabwera n'kudzazanso.

Ine ndingayambire pa maminibasi, n'zotsikirako mtengo. Imodzi ikangoima pamsewu, kondakitala akuitanira anthu a ku Ndirande, mzere wonse kumbuyoko umaima. Khonsolo itakonza masiteji okwanira pambali, apolisi n'kumaonetsetsa kuti akutsatidwa, mabasi akuluakulu n'kumayenda pa nthawi yake pakati pa Limbe ndi Blantyre, ambiri angasiye magalimoto awo kunyumba.