Kumene anayeza uchidakwa wa achimwene anga, msilikali wopuma: zimene ndinaona pa chipinda cha uphungu kuno ku Mangochi

Ndine nkhoswe pa banja la achimwene anga, omwe anagwira ntchito ya usilikali kwa zaka zoposa 20 asanapume, ndipo m'zaka zitatu zapitazi ndakhala pa mkeka woweruza milandu ya banja limeneli kasanu konse popanda chosintha. Nthawi zonse achimwene ankapepesa pamaso pa ankhoswe a kuchikazi, ankalumbira kuti mowa ausiya, ndipo alamu anga ankabwerera kunyumba ndi ana, koma mwezi usanathe tinkamvanso kuti mbale zasweka usiku. Alamu atanyamukanso n'kupita kwa amayi awo ku Malindi, anandiuza mawu amene anandichititsa kukafuna thandizo kwina: "Alamu, musadzabwerenso ndi chipepeso. Mudzabwere ndi umboni wakuti munthuyu wakaonana ndi achipatala." Zimene ndikulemba pano ndi mmene ndinaonera ntchito ya chipinda cha uphungu cha pa chipatala china chomwe si cha boma kuno ku Mangochi, komwe tinapitako maulendo anayi. Dzina la chipatalacho ndalisunga, chifukwa tauni yathu ndi yaing'ono ndipo munthu amadziwika msanga.

Achimwene anaphunzira usilikali ku Salima, anakhala zaka zambiri ku Cobbe Barracks ku Zomba, ndipo anali m'gulu la asilikali a dziko lino omwe anatumizidwa kummawa kwa dziko la DRC, komwe Malawi, Tanzania ndi South Africa anayamba kupereka asilikali ku gulu lapadera la United Nations mu 2013. Za kumeneko sanatifotokozerepo chilichonse kupatula za mvula ndi matope. Atapuma, ndalama zomwe analandira anagulira boti, injini ndi ukonde wa chilimira, ndipo kwa chaka chimodzi zinthu zinkayenda, mpaka anayamba kugona kudoko m'malo mwa kunyumba. Injini inagulitsidwa poyamba, kenaka ukonde. Mu Januwale 2025, wailesi italengeza kuti asilikali atatu a Malawi aphedwa pa nkhondo yolimbana ndi zigawenga za M23, anasowa masiku anayi, ndipo tinakawapeza pa nyumba ina yogulitsira kachasu atavala nsapato imodzi.

Tsiku loyamba tinafika pa chipatalacho cha m'ma 7 koloko mmawa, koma tinalowa m'chipinda 10 koloko itadutsa, chifukwa mlangizi alipo mmodzi yekha ndipo amathandizanso odwala ena. Pamenepa ndi pomwe pali dandaulo langa loyamba. Benchi yodikirira ili pa khonde loyang'anizana ndi pomwe amayi amakhala pamzere wa sikelo ya ana, ndipo pa chitseko analembapo zilembo zazikulu zosonyeza kuti m'menemo amathandiza za matenda a maganizo. Munthu amene anazolowera kupatsidwa sawatcha ndi anzake, amene m'mudzi amamutchulabe kuti a Sajeni, kumukhazika pamenepo maola atatu dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, manja akunjenjemera ndi matsire, n'kumuyesa mopitirira. Kawiri konse anadzuka kuti azipita, ndipo chomwe chinawabweza ndi chakuti ndalama ya kabaza inali m'thumba mwanga.

Titalowa, mtima wanga unayamba kutsika. Mlangiziyo ndi mayi wachikulire ndithu, namwino wophunzira za umoyo wa maganizo, ndipo sanayambe ndi nkhani ya mowa. Anafunsa achimwene za ntchito yawo, kuti anali pa udindo wanji ndipo ankayang'anira anthu angati, ndiponso anawafunsa ngati akulola kuti ine ndikhale nawo m'chipindamo. Achimwene anati, "Mphwangayu akhale, ndi amene wandikoka." Pambuyo pake mayiwo anatulutsa pepala la mafunso 10 lomwe bungwe la World Health Organization linakonza, lotchedwa AUDIT, ndipo anatifotokozera kuti funso lililonse lili ndi mapointi oyambira pa 0 kufika pa 4, kotero kuti onse pamodzi sapitirira 40. Munthu akafika pa 8 ndiye kuti kamwedwe kake kayamba kumuika pa chiopsezo, ndipo akafika pa 20 kapena kupitirira pamenepo, n'kutheka kwambiri kuti thupi lake lafika podalira mowa.

Chomwe ndinayamikira kwambiri ndi mmene anayezera kuchuluka kwa mowa. Pepalalo limawerenga mowa ndi muyezo wa magalamu 10 a alikoholo, zomwe sizitanthauza kanthu kwa munthu womwa kachasu wothiridwa m'botolo lililonse lomwe lapezeka. Mayiwo anatsegula kabati n'kutulutsa mabotolo opanda kanthu: la Fanta, la velemoti, timabotolo ta pulasitiki tomwe achinyamata amati midoli, ndi paketi ya Chibuku. Anawandandalika pa tebulo n'kunena kuti, "Bambo, tandilozerani za dzulo." Achimwene, omwe kwa ine ankangoti amalawa pang'ono, analoza botolo la velemoti, anakhala chete, kenaka n'kulozanso timidoli tiwiri. Mayiwo anavomereza kuti mphamvu ya kachasu imasiyana malinga ndi wotcheza, choncho chiwerengero chake n'chongoyerekeza, koma ndinaona kuti kuloza ndi chala kunali kopepuka kwa achimwene kusiyana ndi kutchula ndi pakamwa.

Mafunso ena anali olasa. Kodi ndi kangati pamene munafuna mowa mmawa kuti thupi likhazikike? Ndi kangati pamene munalephera kukumbukira zomwe zinachitika usiku? Kodi inu kapena munthu wina anavulalapo chifukwa cha kumwa kwanu? Pa funso limeneli achimwene anayang'ana pansi kwa nthawi yaitali, ndipo mayiwo sanawafulumize kapena kuwathandiza kuyankha, mpaka iwo eni anatchula za dzanja la alamu lomwe linathyoka chaka chatha, lomwe ife ankhoswe tinauzidwa kuti linathyoka pogwa ku bafa. Mapointi awo anakwana 29. Pepalalo linali la m'Chingerezi, ndipo mayiwo ankamasulira okha funso lililonse pomwepo. Iwo anachita bwino, komabe m'boma lomwe anthu ambiri amalankhula Chiyao ndi Chichewa, chipatala chinayenera kukhala ndi mapepala a m'zinenero zimenezi, kuti kayezedwe kasamadalire luso la munthu mmodzi.

Pa ulendo wachiwiri mayiwo anandipempha kuti ndidikire panja, ndipo anakhala ndi achimwene pafupifupi ola limodzi ndi theka. Zomwe anakambirana ndinazimva pang'ono pobwerera, tili pa mlatho wa Bakili Muluzi, pomwe achimwene anangoyamba okha kulankhula akuyang'ana madzi a mu Shire. Anati mayiwo anawafunsa za tulo, za maloto, za chifukwa chomwe amakhalira moyang'ana kukhomo kulikonse komwe apita, ndi zomwe zimachitika m'thupi mwawo akamva kuphulika kwa makombola a pa Khirisimasi. Anati kwa zaka zambiri sagona kupitirira maola awiri osamwa, chifukwa akangotseka maso amaona nkhope ya mnyamata wina amene anamunyamula paphewa m'nkhalango. Mayiwo anawauza kuti zimenezi zili ndi dzina, PTSD, vuto la maganizo lomwe limagwira anthu ena amene anaona kapena kudutsa m'zoopsa, ndi kuti ambiri amagwiritsa ntchito mowa ngati mankhwala ogonetsa, chonsecho mowawo umasokoneza tulo n'kuwonjezera mkwiyo. Ine ndinachita manyazi, chifukwa pa milandu isanu ija palibe nkhoswe ndi mmodzi yemwe, kuphatikizapo ine, amene anawafunsapo kuti amagona bwanji.

Apa ndiyenera kuchenjeza aliyense amene ali ndi m'bale wotere, chifukwa nanenso ndinatsala pang'ono kulakwitsa. Ndinauza mayiwo kuti maganizo anga anali oti ndiwatsekere achimwene m'chipinda kwa sabata imodzi kuti mowa uwachoke, ndipo anandidzudzula mosapsatira. Anati munthu amene thupi lake lazolowera mowa tsiku ndi tsiku akasiya mwadzidzidzi, zizindikiro zimayamba pakati pa maola 6 ndi 24: kunjenjemera, thukuta, kusanza ndi mantha. Ena amakomoka ngati akhunyu, ndipo pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu ena amasokonezeka mutu n'kumaona zinthu zomwe palibe, mwakuti popanda chithandizo munthu angathe kufa. Choncho anatitumiza kwa dokotala wa pa chipatala chomwecho, yemwe anawayeza magazi pofuna kuona chiwindi, n'kuwagoneka masiku asanu akulandira diazepam wochepetsedwa pang'onopang'ono pamodzi ndi vitamini B1, yemwe amateteza ubongo wa munthu womwa kwambiri. Vitaminiyo pa chipatalapo anali atatha, ndipo ndinayenda m'mafamase atatu a m'tauni ndisanamupeze. Ndalama ya kuyeza ndi uphungu inali yochepa, koma ya kugona ndi mankhwala inandigulitsitsa mbuzi ziwiri, ndipo palibe anandiuziratu kuti ndikonzekere zotero.

Mbali ya banja ndi yomwe inandisonyeza kuti mayiwo amaidziwa ntchito yawo. Anapempha kuti alamu abwere, koma anakana kuwakhazika pamodzi ndi amuna awo tsiku loyamba, ngakhale ine monga nkhoswe ndinkaona kuti imeneyo ndiyo njira yachidule. Anawaona paokha, ndipo alamu anandiuza pambuyo pake kuti anafunsidwa ngati akumva kuti ndi otetezeka, ngati ana anamenyedwapo, ngati m'nyumba muli chida chilichonse, ndiponso kuti ndalama ya penshoni imathera kuti. Anauzidwa za lamulo la mu 2006 loteteza anthu ku nkhanza za m'banja, kuti khoti lingathe kupereka chiletso kwa wochita nkhanza, ndiponso kuti ku polisi kuli ofesi ya Victim Support Unit yomwe imalandira madandaulo otere. Sanawakakamize kubwerera kunyumba, ndiponso sanawauze kuti banja lithe. Kwa achimwene analankhula mosabisa kuti zomwe anaona ku nkhondo zikufotokoza chifukwa chomwe sagonera, koma sizikuchotsa mlandu wa dzanja lomwe anathyola. Poyamba zinandipweteka kuti mlendo akulowerera pa ntchito ya ankhoswe, koma ndikaganizira bwino, ife tinkafulumira kubweza mayi ndi ana m'nyumba yomwe sitinaifufuze, chifukwa chomwe tinkaopa kwambiri chinali manyazi a banja kutha.

Chofooka chachikulu cha malowa chimaonekera kuyeza kukatha. Amadziwa kupeza vuto ndi kulitchula dzina, koma zotsatira zake n'zochepa kwambiri. Mayiwo ananena okha kuti chithandizo chozama cha PTSD sangachikwanitse pa nthawi yomwe ali nayo, ndipo analemba kalata yotitumiza ku chipatala cha matenda a maganizo cha ku Zomba, pa mtunda wa makilomita oposa 100 kuchokera kuno, kapena ku chipatala cha St John of God ku Lilongwe kapena ku Mzuzu. Achimwene atangomva za Zomba anakana, nati sangabwerere mu mzinda womwe anagwiramo ntchito atavala yunifolomu kuti anthu akawaone akulowa pa geti la kumene aliyense amati n'kwa amisala. Pa chipatalapo palibe gulu la anthu osiya mowa lomwe limakumana, ngakhale kamodzi pa mwezi, ndipo palibe mgwirizano uliwonse womwe ndinauona ndi asilikali ena opuma, chonsecho m'boma lino alimo ambiri, poti ku Monkey Bay kuli asilikali a pamadzi. Munthu ngati achimwene amamvera msanga mnzake amene anavalapo jombo kusiyana ndi ine mphunzitsi. Mayi aja anatilonjezanso kuti adzatiimbira foni pakatha sabata ziwiri, koma mpaka lero foniyo sinalire, ndipo ulendo wachinayi tinachita kukadzikumbutsa tokha. Za ana atatu a m'banjali, omwe wamkulu wake anasiya kulankhula ndi bambo ake, anangofunsa kudzera mwa mayi awo, osawaona maso ndi maso.

Kwa amene ali ndi m'bale wakumwa mwauchidakwa, makamaka amene anabwera kuchokera ku nkhondo atasintha, ndinganene kuti kuyezetsa kotere n'koyenera ndalama yake ndi maola odikira aja, bola apite akudziwa kuti ntchito yotsatira idzagwera abale. Afike m'mamawa, atenge munthu amene wodwalayo amamukhulupirira, akonzekere ndalama ya kugonekedwa, ndipo asachoke asanapatsidwe tsiku lenileni lobwereranso lolembedwa m'buku la kuchipatala.

Pamene ndikulemba izi, achimwene atha sabata zisanu ndi ziwiri akuyesetsa kusiya mowa, ndipo pa sabata zimenezi anamwa kamodzi, tsiku lomwe penshoni inalowa. Anadzandiuza okha mmawa wake, zomwe sizinachitikepo n'kale lonse. Khadi la kubanki tsopano likusungidwa ndi alongo athu, mogwirizana ndi iwo eni. Alamu akadali ku Malindi, ndipo anena kuti za kubwerera tidzakambirana mvula ikatha. Pepala la mapointi 29 lija ndinawapititsira monga anapemphera, ndipo analiwerenga kawiri n'kulipinda, n'kuliika m'thumba momwe amasungira makadi a sikelo a ana. Kalata ya ku Zomba ikadali m'thumba la jekete la achimwene, ndipo Lachinayi likudzali tikabwereranso kwa mayi aja kukakambirana ngati m'malo mwake tingayesere ku Lilongwe.