Kaliyala ndi mafelemu a mabokosi pa Yamaha XT500 ya 1981: zitsulo zolimba, koma sizilowa zokha

Ndinagula kaliyala wakumbuyo pamodzi ndi mafelemu awiri a m'mbali okolekapo mabokosi ku sitolo ina ya ku Germany yogulitsa zipangizo za njinga zamoto zakale. Ndinazimanga pa Yamaha XT500 yanga ya 1981, ndipo zapyola dzinja lathunthu pa misewu yathu ino. Pa nyenyezi zisanu ndikupereka zinayi. Zitsulozo ndi zabwino kwambiri, ndipo ndikanati ndigulenso lero sindikanazengereza. Yachisanuyo ndawamana chifukwa potsatsa malonda analemba kuti ndi zongomanga ndi sipanala popanda kusintha kalikonse. Pa njinga yomwe yadutsa zaka 40 ili pamsewu, mawu amenewo si oona, ndipo munthu wosazolowera akhoza kuwononga felemu pofuna kukakamiza.

Katunduyo anafikira kwa mlamu wanga ku Johannesburg, kenaka anabwera pa basi mpaka ku Blantyre. Zoyendetsera ndi msonkho zinatsala pang'ono kufanana ndi mtengo wa zitsulo zenizenizo, choncho muwerengeretu. Zinafika zokutidwa bwino, popanda chopindika.

Mutangozigwira m'manja mumadziwa kuti anapanga ndi munthu wodziwa ntchito. Mapaipi ake ndi ozungulira a 18 mm, opepuka, ndipo mowotcherera monse ndi mosalala, mopanda timabowo kapena zotupatupa. Pali chitsulo china chooneka ngati chosafunika chomwe chimadutsa kuseri kwa tayala, pansi pa nambala puleti, kulumikiza felemu yakumanja ndi yakumanzere. Chimenechi musachisiye. Popanda icho, bokosi lililonse limakankhira felemu yake m'kati pa bampu iliyonse, ndipo mapeto ake ndi kukhudza tayala kapena kuthyoka pa bawuti yapamwamba. Ndaonapo mafelemu opangidwa konkuno atang'aluka malo omwewo chifukwa chosowa kachitsulo kameneka.

XT500 ili ndi khalidwe lake lomwe wopanga mafelemu ayenera kulidziwa, ndipo awa analidziwa. Popondera munthu wakumbuyo anamangirira pa chitsulo chogwira tayala chomwe chimakwera ndi kutsika ndi mashoko, ndiye simungamangepo felemu monga amachitira pa njinga zina. Iwo anaika zotsinira zogwira paipi ya felemu ya njinga chakutsogolo, kwinaku akugwiritsa ntchito mabawuti a pamwamba pa mashoko ndi a madigadi. Ekizozi ili kumanja ndipo inakwera m'mwamba, choncho felemu yakumanja anaitulutsa kunja kuposa yakumanzere. Mukaima kumbuyo mumaona kuti mbali ziwirizi sizofanana. Poyamba zimasowetsa mtendere m'maso, koma mpata umenewo ndi womwe umapulumutsa katundu wanu kuti asapse.

Kumanzere zonse zinalowa mosavuta. Vuto linali kumanja. Bowo la felemu ndi bowo la pa njinga zinasemphana ndi pafupifupi 5 mm. Sindikunena kuti anapanga molakwika ayi. Njinga yanga yagwapo ili m'manja mwa eni ake oyamba, ndipo mchira wa felemu unapotoka pang'ono moti ndi maso simungaone. Komatu njinga za msinkhu umenewu zambiri zili choncho, ndipo wogulitsa zipangizo za njinga zakale amadziwa zimenezi kuposa ine. Akanangopanga mabowo otalikirapo m'malo mwa ozungulira, kapena kuikamo timapaipi totalikitsira ta misinkhu yosiyana, nkhani ikanathera pomwepo.

Ndinatengera njinga kwa bambo wina wowotcherera ku Ndirande yemwe amandithandiza nthawi zonse. Anayang'ana, nkugwedeza felemuyo ndi dzanja, nati: "Achimwene, chitsulo sachikokera pa bawuti. Mukachimanga chili chokokedwa, chimangodikira tsiku loti chithyoke." Anamasula mabawuti onse, ngakhale akumanzere omwe anali atakhala bwino, nkuwasiya ogwira ndi zala zokha. Kenaka anatenga tupa yozungulira nkutalikitsa bowo la pa felemu yatsopanoyo, osati la pa njinga, akupala pang'ono nkuyesa, kupalanso nkuyesanso, mpaka bawuti inalowa ndi chala chachikulu popanda kumenya. Pomwe panatsala mpata anaikapo mawashala awiri okhuthala. Atatero ndi pomwe anayamba kulimbitsa, kuyambira kutsogolo kumka kumbuyo, uku pang'ono uko pang'ono, chitsulo chakuseri kwa tayala chija pomaliza. Pomwe anapala anapakapo penti nthawi yomweyo. Dongosolo limeneli m'pepala la malangizo mulibe, ndipo ndi lomwe likanayenera kukhala pamwamba penipeni.

Pepalalo ndi lofooka. Ndi lojambulidwa pa fotokope, zithunzi zake zakuda, mawu ake a Chijeremani chokhachokha. Nditawalembera pa imelo anandiyankha mwaulemu ndi mwachangu m'Chingerezi, natumiza zithunzi zooneka bwino za mbali zonse. Pamenepo ndikuwayamika.

Chinthu china chomwe sanatchule ndi magetsi. Ma-indiketa akumbuyo amayenera kusamuka chifukwa malo awo amatsekedwa ndi mabokosi, ndipo pa kaliyalayo anaikapo timakutu tomangirapo. Mawaya amafunika kuwonjezera, izo nzodziwika. Koma nditamaliza kulumikiza, ma-indiketa anangoti zii. Pa njinga zimenezi moto umabwerera kudzera pa chitsulo chomwe indiketa yamangidwapo, ndipo penti yokhuthala ya pa kaliyala watsopano imatseka njira imeneyo. Kuwonjezera apo XT500 ya chaka chimenechi ndi ya 6 volt, moto wake ndi wochepa kale, sulola polumikizira pofooka. Mankhwala ake ndi kukoka waya wina wa efi, wobwezera moto, kuchokera pa indiketa iliyonse kukafika pa felemu ya njinga. Ena amapala penti pa kakhutu kaja, koma pamenepo mwatsegulira dzimbiri khomo.

Manati omwe anabwera nawo ndi wamba, okhala ndi mawashala a sipuling'i. Injini ya silinda imodzi ya 499 cc imanjenjemera, aliyense amene anakwerapo akudziwa, ndipo manati otere sachedwa kumasuka pa msewu wa dothi. Ndinaikapo manati okhala ndi pulasitiki m'kati, aja samasuka okha, ndipo pomwe sizinatheke ndinadontheza mankhwala omatira ulusi wa bawuti. Mabawuti a M8, okhuthala 8 mm, samafuna mphamvu zonse za mkono. 25 Nm pa sipanala yoyezera mphamvu yomangira ndi yokwanira. Kumanja, pafupi ndi ekizozi, pulasitiki ija imafewa ndi kutentha, choncho pamenepo ikani nati yachitsulo chokhachokha yodzitsekera.

Musanakonze malo a bokosi lakumanja, imani pa njinga muilize. XT500 ilibe sitata, ndi kiki basi, ndipo mwendo umafunika kutsika mpaka pansi ndi thupi lonse. Bokosi likasendera kutsogolo kwambiri chidendene chimagunda pakona pake, kiki nkuthera panjira, ndipo injini imeneyi ikabweza siseka ndi munthu. Mafelemuwa amalola kusuntha bokosi kumka kumbuyo pang'ono. Ndinalibweza mongokwanira kuti nsapato idutse, osapitirira, chifukwa kulemera kukapita kumbuyo kwambiri kumabweretsa vuto lina.

Pamsewu ndi pomwe ndinakhutira nazo. Ndinanyamuka ku Blantyre kudzera ku Zalewa ndi Balaka, nkutsata msewu wa kunyanja wa Salima, Nkhotakota ndi Nkhata Bay, kukwera ku Mzuzu, kutsika Chiweta, mpaka pa Chitimba. Kuchokera pamenepo ndinakwera msewu wa Gorodi wopita ku Livingstonia, uja wa makona 20 okhota ngati chigongono, wa miyala yoguluka pansi pa tayala. Njinga imadumpha, giya woyamba ndi wachiwiri, mabokosi ali odzaza. Nditafika pamwamba ndinayenda ndi sipanala bawuti iliyonse. Panalibe ndi imodzi yomwe inasuntha, ndipo sindinamve kugogoda kulikonse njira yonse. Bokosi lakumanja linali lofunda ndithu kumbali yoyang'ana ekizozi koma osati lootcha dzanja. Amene mukufuna kukoleka zikwama zansalu m'malo mwa mabokosi, ikanipo kaye kachidutswa ka lata la aluminiyamu kotchinga, chifukwa nsalu imafufuma nkulowa pakati pa mapaipi.

Za kulemera ndikufuna ndinene mosabisa. Pepala lawo limati kaliyala wapamwambayo asapitirire makilogalamu 5, ndipo kwa ife tozolowera kuona kabaza atasenza matumba a chimanga zimaoneka ngati zochepa kwambiri. Koma malirewo sachokera pa kulimba kwa kaliyala. Amachokera pa mchira wa njinga, womwe unapangidwira mpando, madigadi ndi nyali, komanso poti kaliyalayo ali kumbuyo kwa pakati pa tayala. Chilichonse cholemera chikakhala pamenepo chimanyamula kutsogolo, chiwongolero nkupepuka, njinga nkuyamba kugwedeza mutu mukathamanga, ndipo usiku nyali imaloza m'mitengo. Thanki ya XT500 sikwana malita 9, ndipo masiku ano petulo sapezeka paliponse, ndiye chiyeso choika chigubu pa kaliyala ndi chachikulu. Ine mafuta, masipanala ndi machubu ndimaika pansi m'mabokosi, chakutsogolo, zolemera kwambiri kumanzere poti felemu ya kumeneko ili pafupi ndi njinga. Pamwamba pamakhala tenti ndi chofunda, zomangidwa ndi malegeni. Ndimalimbitsanso masipuling'i a mashoko, kuwonjezera mpweya kumbuyo, ndi kuyesa tcheni nditakhalapo ndi katundu yense.

M'tauni zimasintha kayendedwe. Mabokosi akakhalapo njinga imatambalala kuposa mahandulo, makamaka kumanja, ndipo pakati pa maminibasi a mu Limbe muyenera kuiwala timipata tomwe munkalowa kale. Chabwino nchakuti mafelemu a m'mbali amachoka paokha kaliyala nkutsala, ndipo njinga imabwerera maonekedwe ake. Kwa ine zimenezi nzofunika. Iyi ndi njinga ya mtundu womwe unapambana mpikisano woyamba wa Paris-Dakar mu 1979 komanso wa 1980, ndipo sindifuna kuiwotcherera kanthu pa felemu kapena kuiboola pomwe Yamaha sanaboole. Anzanga ena amati bwanji sunangopangitsa konkuno motchipa. Amisiri athu angathe, makamaka atapeza paipi yopyapyala yabwino, koma ambiri amagwiritsa ntchito zitsulo zokhuthala zolemera kawiri, ndipo amafulumira kuwotcherera pa njinga penipeni.

Mvula inaonetsa chofooka chimodzi. Penti inasupuka pansi pa zotsinira zakutsogolo ndi pomwe mabokosi amakhuza, ndipo dzimbiri linayamba kuonekera. Ndinapala, kupaka penti, nkukulungapo kachidutswa ka chubu chakale. Kumapeto kwa mapaipi awiri kunalibe zotsekera, madzi amalowa, ndiye ndinathiramo oyilo pang'ono nkutseka ndi timapulagi ta labala.

Ngati muli ndi XT500 ndipo mukufuna kuyenda nayo mtunda wautali, gulani. Poitanitsa auzeni chaka chenicheni cha njinga yanu, chifukwa za 1976 ekizozi yake inadutsa mosiyana ndi za zaka zotsatira, ndipo ngati munasinthapo ekizozi kapena mashoko atumizireni chithunzi asanatumize katundu. Pempheraninso zithunzi za kamangidwe zija nthawi yomweyo, ndipo mukonzeretu tupa yozungulira, mawashala okhuthala a M8, manati odzitsekera ndi waya wa efi wokwana ma-indiketa onse awiri.